NYENGO YA MPIRA YA 2023 NDI CHICHEWA CHIMENE CHINAISIMBA

Alipo ena amene angadabwe kupeza nkhani ya mpira wa miyendo m'masamba ano, m'mene mumalembedwa za miyambi, za nthano ndi za malamulo a chinenero. Koma munthu wofuna kudziwa moyo wa chinenero sayenera kuchifunafuna m'mabuku mokha iai. Ayenera kupitanso kumene eni ache amachilankhula ndi mtima wao wonse. Ku Mphunzi, m'mapiri ozizira a Dedza, mabuku a Chichewa ali owerengeka m'nyumba zambiri, koma wailesi imamveka pa golosale, pa chigayo ndi pa khonde. Masana a Loweruka ndi a Lamulungu, kuyambira nthawi yokolola kufikira mvula yoyamba, ana a sukulu amamvetsera munthu akusimba kwa mphindi 90 zinthu zimene iwo sakuziona ndi maso. Palibe phunziro la Chichewa limene mwana amalitchera makutu onse awiri monga limenelo. Chifukwa chache nkoyenera kuti mau amenewo ayesedwe pa muyeso womwewo umene buku limayesedwapo, kuti paoneke pamene ali ndi mphamvu ndi pamene ali operewera. Nyengo imene yasankhidwa pano ndi ya ligi yaikulu ya dziko la Malawi ya chaka cha 2023, pakuti m'chaka chimenecho boma la Dedza linali ndi gawo lache lalikulu m'nkhaniyo.

I. Ligi ndi Mayendedwe Ache

Ligi imeneyi, yotchedwa Super League, inayamba m'chaka cha 1986. Kuyambira 2007 kampani ya mafoni ya TNM inaikapo ndalama zache pamodzi ndi dzina lache, kotero kuti mu 2023 anthu ankaitchula TNM Super League. Matimu anali 16, ndipo iri yonse inakumana ndi inzache kawiri, kamodzi pa bwalo la kwao ndi kamodzi koyenda. Motero timu iri yonse inasewera masewero 30, ndipo onse pamodzi anakwana 240, kuyambira mwezi wa Epulo kufikira Disembala. Yopambana inkalandira mapointi atatu, zofanana mphamvu zinkatenga imodzi imodzi, ndipo yogonja inkabwerera manja ali m'khosi. Pakutha pa nyengo matimu atatu a pansi anatsikira ku maligi a m'zigawo, nalowa m'malo mwao ena ochokera Kumwera, Pakati ndi Kumpoto.

Mzinda wa Blantyre unali ndi matimu anai: Bullets, Wanderers, Tigers ndi Bangwe All Stars. Lilongwe inalinso ndi anai: Silver Strikers, Civil Service United, Kamuzu Barracks ndi Blue Eagles. Kumpoto kunali Moyale Barracks, Ekwendeni Hammers, Karonga United ndi Chitipa United. Otsalawo anali Red Lions ya ku Zomba, MAFCO ya ku Salima, Extreme ya ku Mchinji ndi Dedza Dynamos. Woyang'ana maina amenewa modekha adzaona kuti matimu asanu ndi awiri anali m'manja mwa mabungwe a boma: anai a asilikali, ndiwo Kamuzu Barracks, Moyale, MAFCO ndi Red Lions, imodzi ya apolisi, ndiyo Blue Eagles, imodzi ya ogwira nchito m'boma, ndi Silver Strikers ya banki yaikulu ya dziko lino. Matimu a m'maboma, monga Dedza ndi Chitipa, analibe nkhokwe yotere kumbuyo kwao, ndipo ankadalira makampani owathandiza, anthu akufuna kwabwino ndi ndalama za pakhomo la bwalo.

II. Nkhani Zitatu m'Nyengo Imodzi

Nyengo ya ligi iri ngati nthano yaitali yokambidwa pang'ono pang'ono: iri ndi chiyambi, pakati ndi mathero, iri ndi amphamvu ndi ochenjera, ndipo pothera pache pali phunziro. Mu 2023 munali nkhani zitatu zoyenera kusimbidwa, koma sizinalingane pa kukoma kwache, ndiponso sizinalandire malo olingana pakamwa pa anthu.

Yoyamba ndi ya pamwamba. FCB Nyasa Big Bullets inatenga ligi, Silver Strikers inatsatira, ndipo Mighty Mukuru Wanderers inakhala yachitatu. Aka kanali kachisanu motsatizana kuti Bullets ipambane, kuyambira 2018, ndipo kanali ka 17 chiyambire ligiyi. Mphunzitsi wache, Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, anali atatengapo kale ligi ya kwao kanai motsatizana ndi timu ya Dynamos ya ku Harare, kuyambira 2011 kufikira 2014. M'nyengo yomweyo Bullets inatenganso zikho zitatu, cha FDH Bank, cha Airtel Top 8 ndi cha Castel. Nchito imeneyi njaikulu ndithu, ndipo palibe angaichepetse. Komatu monga nthano, iri ndi chilema chimodzi: womvera amadziwiratu mathero ache asanamve chiyambi. Nthano imene mkango umadya nyama zonse chaka ndi chaka siphunzitsa mwana kanthu kena koposa kuti mkango ndi mkango.

Yachiwiri ndi ya kuno kwao kwa ana a ku Mphunzi. Dedza Dynamos inalowa mu ligi yaikulu mu 2022, pamodzi ndi Sable Farming ndi Rumphi United. Anzachewo anatsika chaka chomwecho, koma Dedza inatsala. Tsono mu 2023 wosewera amene anagoletsa zigoli zambiri kuposa onse m'dziko sanachokere ku Bullets, ku Silver kapena ku Wanderers iai, koma ku Dedza Dynamos, ndiye Clement Nyondo, amene anagoletsa 16. Imeneyi ndiyo nthano ya kalulu, ya wamng'ono wochita chimene akulu sanachiyembekeze. Irinso ndi mathero owawa pang'ono, pakuti chaka chotsatira Nyondo anapita ku Wanderers, monga zimachitikira kawirikawiri kuti timu yaing'ono imalima ndi kupalira, koma yaikulu ndiyo imadza ndi dengu.

Yachitatu ndi ya pansi. Blue Eagles, imene inamaliza yachiwiri mu 2022, inatsika mu 2023 pamodzi ndi Red Lions ndi Extreme. Apa mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe, unaoneka ndi maso. Awiri mwa matimu atatu otsikawo anali a mabungwe a boma, ndipo ichi chisonyeza kuti nkhokwe payokha sigoletsa chigoli. Nkhaniyi inapitirira modabwitsa, pakuti mu 2024, iri mu ligi ya pansi, Blue Eagles inagonjetsa Bullets pa mapenate nitenga chikho cha FDH Bank, ndipo mu 2025 inabwereranso pamwamba.

Mwa nkhani zitatuzi, yachiwiri ndi yachitatu ndizo ziri ndi mafuta, chifukwa zimamfunsitsa munthu kuti, zinatheka bwanji? Koma makambidwe a mpira m'dziko muno anazolowera kuyang'ana matimu atatu akulu a m'mizinda, ndipo ena onse amaoneka ngati mitengo ya m'mbali mwa njira imene akuluwo amadutsa. Chizolowezi chimenechi chiri ndi mizu yache m'mau eni ache amene amagwiritsidwa nchito, monga kudzaoneka m'munsimu.

III. Pamene Chichewa cha Mpira Chiri ndi Mphamvu

Poyamba nkoyenera kuyamika. Mpira wa miyendo unadza ndi alendo, pamodzi ndi mau ao, koma Chichewa sichinaulandire chiri chogwada. Chinatenga mau achilendowo nkuwabveka zobvala za kuno. Chitsanzo choposa ndi mau akuti chigoli. Tsinde lache ndi lachilendo, koma anthu analiika m'gulu la maina la Chi- ndi Zi-, kotero kuti pali chigoli chimodzi ndi zigoli zitatu, monga chipewa ndi zipewa. Sanalekere pomwepo, koma anapanganso mneni, kugoletsa, amene ali ndi msintho wochititsa monga kudyetsa ndi kumwetsa. Timu ndi ligi zinalandira Ma- pochulukitsa. Woimirira pagolo anasanduka goloboyi. Ndipo penate ndi kona zikumveka lero ngati mau obadwira m'mudzi. Palibe bungwe limene linakhala pansi kulamula zimenezi. Eni chinenero anazichita okha, natsata malamulo a chinenero chao osawadziwa maina.

Koposa apo, pali mau amene sanabwerekedwe konse. Woweruza masewero amatchedwa woimbira, chifukwa cha wenzulo imene amaimba. Matimu akatha masewero popanda wopambana amati afanana mphamvu, kapena alepherana, ndipo mau achiwiriwa ali ndi msintho wochitirana umene unena m'mau amodzi chimene zinenero zina zimanena m'mau anai. Wosewera akampusitsa mnzache ndi mapazi amati wamdyetsa njomba. Kumbuyo kuli otchinga, ndipo kutsogolo kuli omwetsa zigoli. Mphunzitsi wofuna zitsanzo za zining'a zamoyo sasowa kuzifukula m'mabuku akale; ziri pakamwa pa ana ache tsiku liri lonse Lolemba m'mawa.

Nkhani ya maina a matimu njophunzitsanso. Mwa matimu onse 16 a mu 2023, panalibe ndi imodzi yomwe imene inali ndi dzina la m'chinenero cha dziko lino, kupatula maina a malo ndi a anthu. Ndiponso maina olembedwawo amasintha monga mwa thumba la wothandiza. Timu imene inali Bata Bullets inakhalapo Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, ndipo mu 2023 inaonjeza FCB patsogolo. Wanderers inanyamulapo maina a Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Koma anthu wamba anapatsa matimuwa maina ao amene sagulidwa ndi kampani: Bullets ndi Maule, Wanderers ndi Manoma kapena Nyerere. Gogo ndi mdzukulu wache amamvana pa dzina la Maule, chinkana anaidziwa timuyo pansi pa zikwangwani zosiyana. Apa Chichewa chagwira nchito yosunga chikumbukiro pamene Chingerezi cha malonda chimafafaniza zaka zingapo ziri zonse.

Pomaliza pali mvekero. Munthu wosimba mpira pa wailesi alibe chithunzi choonetsa, ndipo ayenera kujambula ndi lilime. Chichewa chiri ndi chuma chimenechi kuposa zinenero zambiri: mpira umagunda mtengo kuti pha, wosewera amagwa kuti khu, bwalo lonse limangoti zii. Wosimba waluso amafupikitsa ziganizo mpira ukathamanga, nazitalikitsa mpira ukazizira, ndipo mwana wa ku Mphunzi amene sanafikepo pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre kapena la Bingu ku Lilongwe amaliona bwalolo m'mutu mwache. Luso limeneli ndi mbale wache wa luso la agogo okamba nthano pamoto.

IV. Pamene Chiri Choperewera

Tsono nkoyenera kunena za chilema, pakuti kuyamika kokha si kuweruza. Chichewa cha mpira nchachuma pa aneni omenya, koma nchosauka pa mau ofotokoza chifukwa. Timu yopambana imanenedwa kuti yaswa inzache, yaikwapula, yaithibula, yaithambitsa. Mau amenewa amakoma m'khutu, koma ali ndi zobvuta ziwiri. Choyamba, sayesa kanthu. Mneni yemweyo amagwiritsidwa nchito pa timu yopambana ndi chigoli chimodzi cha pa mphindi yotsiriza, ndi pa timu yopambana ndi zigoli zisanu. Mau akagwira nchito zonse amatha mano, monga khasu lolimira pamiyala. Chachiwiri, aneni amenewa amadziwa anthu awiri okha, womenya ndi womenyedwa. Amayenera nkhani ya Bullets, imene inapambana kawirikawiri. Koma sangathe kusimba nkhani ya timu ya pakati imene inatulutsa wogoletsa woposa onse, kapena ya timu imene inatsetsereka pang'ono pang'ono kuchokera pachiwiri kufikira kunja. Ndicho chifukwa chache nkhani ziwiri zokoma zija zimachepa pakamwa: chinenero sichinasule zida zozisimbira.

Ligi sipambanidwa tsiku limodzi monga chikho. Imapambanidwa ndi masamu a miyezi isanu ndi itatu. Timu yofanana mphamvu katatu imapeza mapointi olingana ndi timu imene yapambana kamodzi nigonja kawiri. Motero timu ingathe kukhala masabata ambiri osagonja, anthu ache ali okondwa, pamene pa mndandanda ikumira. Palinso mitunda. Timu yochokera ku Blantyre kupita ku Karonga imayenda makilomita oposa 800 pa basi, ndipo ya Kumpoto imayenda maulendo otere kangapo pa nyengo. Palinso mtengo wa zinthu: mu Novembala 2023, ligi iri pafupi kutha, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 ali onse, ndipo mafuta a galimoto anakwera mtengo kwa timu yosauka ndi yolemera yomwe. Palinso kuchuluka kwa osewera: timu yokhala ndi anthu awiri aluso pa malo ali onse imapirira wina akabvulala, pamene timu yodalira munthu mmodzi imagwa naye pamodzi. Zonsezi zingathe kunenedwa m'Chichewa chomveka, monga zanenedwa pano. Koma sizimveka kawirikawiri, ndipo zikasowa, malo ache amatengedwa ndi mau awiri opepuka, akuti woimbira anakondera, kapena akuti panali mankhwala. Mwana wokula ndi mayankho awiriwa amaphunzira kuti kugonja kuli konse nkolakwa kwa munthu wina, ndipo phunziro limenelo adzalitengera ku mayeso, ku munda ndi ku banja.

Kusayesa kumeneku kumaonekanso poyang'ana kunja kwa dziko. Bullets yomweyo imene inatenga zikho zonse kuno inatulutsidwa mu mpikisano wa matimu opambana a mu Africa ndi TP Mazembe ya ku Lubumbashi m'chaka chomwecho cha 2023. Chinenero chimene chinatha mau ache onse akulu potamanda kupambana kwa pakhomo chinasowa chonena pamenepo, koma kudandaula. Wosimba wanzeru amasunga mau ena m'thumba, podziwa kuti kuseri kwa phiri kuli phiri linzache.

Chilema china chiri pa manambala. Zotsatira za masewero, mphindi ndi mapointi zimatchulidwa m'Chingerezi pafupifupi nthawi zonse, ngakhale pakati pa chiganizo cha Chichewa. Chifukwa chache nchodziwika: kuwerenga kwa makolo kumatalika kukapitirira zisanu, ndipo munthu wothamanga ndi mpira alibe nthawi yonena kuti khumi, zisanu ndi chimodzi. Pa manambala akulu palibe mlandu. Koma zigoli za masewero amodzi sizipitirira zisanu kawirikawiri, ndipo kunena kuti ziwiri kwa chimodzi sikutalika kuposa kunena m'chilendo. Pamenepa kubwereka sikuchokera m'kusowa, koma m'chizolowezi chabe.

Chilema chachikulu koposa zonse nchakuti mau amenewa salembedwa. Mindandanda, malamulo a ligi ndi nkhani zazitali zoweruza nyengo zimapezeka makamaka m'Chingerezi. Chichewa chimapatsidwa wailesi ndi tinkhani tatifupi ta m'masamba ochepa. Chimene chanenedwa pa wailesi Loweruka chimauma ngati mame pofika Lachiwiri. Munthu wofuna kuwerenga m'Chichewa mbiri yathunthu ya nyengo ya 2023, kuyambira Epulo kufikira Disembala, adzabvutika kuipeza. Chinenero chimene chinakhazikitsidwa kukhala cha dziko lonse mu 1968 chatsala ngati wochemerera kunja kwa mpanda, pamene china chiri m'kati ndi cholembera.

V. Mau Otsutsa

Alipo amene adzati zonsezi nzachibwana, ndipo kuti kalasi si malo a njomba ndi zigoli. Yankho lache nlakuti mwana amaphunzira kulemba msanga polemba chimene akuchidziwa ndi kuchikonda. Wophunzira amene amauma mutu akauzidwa kulemba za ulendo wa pa nyanja imene sanaionepo, adzadzaza tsamba akauzidwa kusimba masewero a pa bwalo la sukulu yache. Alipo enanso, a mbali ina, amene adzafuna kuchotsa mau onse obwereka ndi kupeka ena atsopano m'malo mwa chigoli ndi penate. Amenewa akulimbana ndi mtsinje. Mau amene alowa m'gulu la maina, nabala mneni, nazolowereka ndi ana ndi akulu, asanduka Chichewa, monga sukulu, buku ndi tebulo zinasandukira kale. Nchito ya mphunzitsi si kuthamangitsa mlendo amene wamanga kale nyumba m'mudzi, koma kuletsa kuti eni mudzi asagone panja pamene nyumba zao ziripo.

Kuli bwinonso kukumbukira kuti wosimba pa wailesi ali pa liwiro, ndipo sayenera kuweruzidwa monga wolemba buku amene ali ndi mwezi wathunthu wosankha mau. Mlandu wa kuperewera kumene kwanenedwa pano suli pa iye yekha iai. Uli makamaka pa anthu ophunzira amene ali ndi nthawi ndi cholembera, koma amaona ngati nkhani yoganiza mozama iyenera Chingerezi, ndipo Chichewa chiyenera nthabwala ndi kupfuula. Aphunzitsi ali m'gulu limeneli, ndipo ndiwo ali ndi mpata woposa wokonza.

VI. Chimene Mphunzitsi Angachite

Mphunzitsi wotumidwa ku sukulu ya kumudzi monga za ku Mphunzi adzapeza mabuku ochepa, koma mndandanda wa ligi angaulembe pa bolodi ndi choko chimodzi. M'menemo muli masamu: ana apeze okha chifukwa chache matimu 16 amasewera masewero 240, ndi mapointi ochuluka koposa amene timu ingapeze pa masewero 30, ndiwo 90. Mulinso phunziro la dziko: aike matimu a 2023 pa mapu a Malawi, kuchokera ku Chitipa kufikira ku Blantyre, ndipo aone okha kuti theka la matimu linali m'mizinda iwiri. Mulinso malamulo a chinenero: asanthule mau akuti kugoletsa, kulepherana ndi kupatsirana, napeze tsinde ndi msintho wa ali onse.

Koma phunziro lofunika koposa ndi la chimangirizo. Masewero a sukulu akatha, kaya ndi a mpira wogula kaya ndi wa chikulunga, mphunzitsi auze ana kuti alembe nkhani yache pansi pa malamulo atatu. Loyamba, asagwiritse nchito mneni womenya koposa kamodzi. Lachiwiri, chiganizo chiri chonse chonena zotsatira chitsatidwe ndi china choyamba ndi mau akuti chifukwa, ndipo chifukwacho chikhale chinthu chimene anachiona ndi maso. Lachitatu, timu yogonja ipatsidwe ndime yache yonena chimene inachita bwino. Poyamba ana adzaona kubvuta, pakuti adzapeza kuti mau ofunikawo sali pafupi. Koma m'kubvutika momwemo ndimo chinenero chimakulira. Wina adzapeza njira yonenera kuti otchinga anasiya mpata pakati, wina kuti apakati anatopa m'chigawo chachiwiri, ndipo mau amene kalasi yawabvomereza alembedwe m'kope losungidwa pa sukulupo. Atsikana asasiyidwe kunja kwa nchitoyi, pakuti mpira wa manja ndi wa miyendo womwe ali nao, ndipo cholembera sichisankha dzanja.

Nkhani ya Clement Nyondo njoyenera kukhala chitsanzo choyamba m'masukulu a boma la Dedza. Mwana wa kumudzi amamva masiku onse kuti zinthu zazikulu zimachitika ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndi kuti zimanenedwa m'Chingerezi. Kumuuza kuti mu 2023 wogoletsa woposa onse m'dziko ankabvala malaya a timu ya boma lache, ndi kumpempha kuti alembe zimenezo m'chinenero cha amai ache, ndiko kuchiza matenda awiri ndi mankhwala amodzi.

VII. Mau Otsiriza

Pa matanthwe a phiri la Mphunzi pali zithunzi zakale, zofiira ndi zoyera, zimene ziri gawo la malo a Chongoni olembedwa mu 2006 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Amene anazijambula anaimbanso nyimbo ndi kukamba nkhani zambiri, koma zimene zafika kwa ana a lero ndi zokhazo zimene zinaikidwa pa mwala. Momwemonso ndi nyengo ya mpira. Ulamuliro wa Bullets, umene mu 2023 unaoneka ngati sudzatha, unaduka chaka chotsatira pamene Silver Strikers, pansi pa Peter Mponda, inatenga ligi koyamba chichokere 2013. Opambana amasintha, maina a makampani amasintha, ndipo phokoso la pa bwalo limatha dzuwa likalowa.

Chiweruzo cha nkhani ino tsono ndi ichi: Chichewa chimene chinasimba nyengo ya 2023 chinali chamoyo, chaluso pa kubwereka ndi chokoma m'khutu, koma chinadziwa kutamanda koposa kufotokoza, ndipo chinalankhulidwa koposa kulembedwa. Chilema chimenechi si cha chibadwa, pakuti chinenero chimene chimatha kuweruza milandu ya malire a minda pa bwalo la mfumu sichingalephere kufotokoza chifukwa chache timu inagonja. Chimene chikusoweka ndi anthu ozolowera kufunsa kuti bwanji, ndi kulemba yankho lache. Anthu amenewo ali m'makalasi lero lino, atakhala pansi pa simenti yozizira, ndipo amene adzawaphunzitsa ndi iye amene akuwerenga masamba ano.